Bajeti ndi yochepa, ndithandizeni kusankha zida za kompyuta ya magemu

Kamba: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndakhala ndikusunga ndalama kwa kanthawi ndithu ndipo pano ndafika poti ndimange kompyuta yangayanga ya magemu, aka n'koyamba, nde ndisanatulutse ndalama ndati ndiyambe ndafunsa akuluakulu muno. Ndimasewera kwambiri Valorant, Fortnite ndi FC (gemu ya mpira), nthawi zina GTA V, koma mtima uli pa Cyberpunk 2077 chifukwa pa laputopu yomwe ndili nayo siyenda n'komwe. Ndikufunanso ndizijambula timakilipi ndiziika pa YouTube. Zomwe ndalemba ndi izi: purosesa Ryzen 7 5700X, bodi (yomwe zida zonse zimalumikizidwapo) ya B550, RAM 16GB sitiki imodzi, GPU (khadi lotulutsa zithunzi za gemu) RX 6500 XT, hadi disiki ya 2TB, kula (choziziritsa purosesa) ya madzi ija yoyaka mitundumitundu, ndi kesi ina yake yomwe ikubwera ndi PSU (kabokosi kopereka magetsi) mkati momo yolembedwa 500W. Monita ndiyamba ndi yakale yomwe ilipo ya 60Hz. Bajeti yathera pomwepo sindingawonjezere olo pang'ono. Zili bwino kapena ndisinthe pati?

Nyalugwe: Mphwanga takulandira. Ndalama zako ndi zokwanira kumangira makina abwino ndithu, kungoti zapita malo olakwika. Pa kompyuta ya magemu wonyamula katundu wolemera ndi GPU, koma iweyo zambiri waika pa purosesa ndi kula ya madzi, GPU n'kuipatsa zotsala. Tembenuza. Tsika pa Ryzen 7 upite pa Ryzen 5 5600, ili ndi ma core 6 ndi ma thread 12, pa magemu kusiyana kwake ndi 5700X ndi kochepa moti ndi GPU ya bajeti sungakuone n'komwe, komanso 5600 imabwera ndi kula yake m'bokosi, Wraith Stealth, pomwe 5700X imabwera yokha. Purosesa ya 65W siifuna madzi ayi. Ndalama ya kula ija ndi yomwe yapulumuka pa purosesa uphatikize uponye ku GPU.

Nambewe: Ndikugwirizana ndi a Nyalugwe, ndipo ine chomwe chandidzidzimutsa ndi RX 6500 XT yo. A Kamba mwati mukufuna kujambula magemu eti? Khadi limenelo lilibe encoder (gawo lopanga fayilo ya vidiyo) ya H.264 kapena HEVC, kutanthauza kuti mukatsegula pulogalamu yojambulira ya OBS ntchito yonse yopanga vidiyo igwera purosesa kwinaku gemu ikuthamanga. Chachiwiri lili ndi 4GB basi, pomwe Cyberpunk yomwe mukuifunayo chibwerereni update ya 2.0 mu 2023 imafuna 6GB pa zochepetsetsa zake. Chachitatu limalumikizidwa ndi ma lane 4 okha a PCIe (njira zolankhulira ndi purosesa), nde memory ya khadi ikadzadza gemu imayamba kudukizadukiza. Pa zomwe mwatchula kuti mukufuna kuchita, lichotseni pa mndandanda.

Kamba: Zikomo achemwali, za encoder sindimadziwa kuti zimasiyana khadi ndi khadi. Nde m'malo mwake ndiyang'ane liti?

Nyalugwe: Poyambira ndi RX 6600. Ili ndi 8GB, imadya 132W basi, pulagi imodzi ya mapini 8, inatuluka mu 2021 koma pa 1080p ikugwirabe ntchito bwino kwambiri, ndipo pakati pa iyo ndi 6500 XT pali mtunda wautali ngakhale mayina akuoneka ngati oyandikana. Ndalama zikalola kwera pa RX 7600 kapena RTX 4060, onse a 2023, onse 8GB, ndipo awiriwa amatha kujambula mu mtundu wa vidiyo wa AV1 womwe YouTube imalandira. Yerekeza mitengo tsiku lomwe ukugulalo chifukwa makhadi amenewa amasinthana malo, lero ili latsika mawa linalo.

Tsabola: Bwanji osangotenga RX 580 8GB yakale? Anthu akugulitsa motchipa kwambiri ndipo FC ndi GTA V zimayenda bho. Zotsalazo agule monita.

Kadzidzi: RX 580 inali ngwazi nthawi yake koma tisaiwale kuti ndi khadi la 2017, limadya 185W, kuposa RX 6600 yomwe imalipitirira kutali. Komanso ambiri mwa makhadi amenewo anakumbira Ethereum (ndalama ya pa intaneti) usana ndi usiku mpaka mu 2022 pomwe kukumba Ethereum ndi GPU kunatha, nde ena mafani anatopa, memory inaphikika. Chenjeraninso ndi yolembedwa RX 580 2048SP, imeneyo mphamvu zake ndi za RX 570, yeniyeni ili ndi ma shader 2304. Kwa munthu amene bajeti yake yafinyika zedi ndingamvetse, koma a Kamba ali ndi ndalama yofikira pa 6600 akangosiya kula ya madzi.

Tsabola: Chabwino za 580 ndamva. Koma mfundo yanga yogula sekondi ikadalipo, khadi latsopano la bajeti limagonja kwa lakale la gulu lapamwamba pa mtengo womwewo, mwachitsanzo RX 6700 XT ya 12GB kapena RTX 3060 ya 12GB.

Kadzidzi: Pamenepo nde mwanena zoona, ndipo ine GPU yanga ndinagula sekondi, sinandivutepo. Koma pali malamulo. Osagula khadi lomwe simunalione likugwira ntchito ndi maso anu. Wogulitsa aliike mu kompyuta, tsegulani pulogalamu ya GPU-Z muone ngati dzina, memory ndi ma shader zikugwirizana ndi zomwe wopanga analemba, chifukwa kuli makhadi achinyengo omwe BIOS yake (kapulogalamu kamkati koyendetsa chida) anaisintha kuti aoneke ngati amphamvu. Kenako yendetsani pulogalamu yoyesera khadi ya FurMark kapena gemu yolemera kwa mphindi ngati 15, muziyang'ana kutentha, muzimvetsera mafani ngati akukhwekhwereza, ndipo pa sikirini pakangooneka timadontho kapena mizere yachilendo bwezani khadi lake muzipita. Yesani madoko onse a HDMI ndi DisplayPort. Wogulitsa akakana kuyesa, yankho mwalipeza kale. Pa RTX 3060 muonetsetse kuti ndi ya 12GB, kuli inanso ya 8GB ya dzina lomwelo yomwe basi yake ya memory ndi 128-bit m'malo mwa 192-bit, ndi yofookerapo.

Nyalugwe: Zonsezo ndi zoona, koma kwa munthu amene akumanga koyamba ine ndimakonda GPU ikhale ndi waranti. Makina akakana kuyaka tsiku loyamba sadziwa kuti vuto ndi iye kapena ndi khadi, ndipo alibe khadi lina loyesera. Purosesa, kesi, kula, izo gula sekondi mosaopa, purosesa siifa wamba, bola uyang'ane mapini chifukwa pa AM4, soketi yomwe 5600 imalowa pa bodi, mapini ali pa purosesa pomwepo ndipo amapindika. GPU sekondi pokhapokha upite ndi munthu wodziwa. PSU sekondi ayi, olo akupatse ulere.

Gogo wa Pentium: Pa PSU pomwepo ndiime ine. Ana inu mumakangana za GPU tsiku lonse koma chomwe chimapha makompyuta ndi kabokosi kameneka. Mwana wanga Kamba, PSU yobwera ndi kesi yotchipa usaikepo khadi lako. 500W yomwe yalembedwa pakunjayo isakunamize, tembenuza uwerenge kasitika kam'mbali, upeze pomwe alemba +12V, utenge ma ampu ali pamenepo uchulukitse ndi 12. Akalemba 30A nde kuti 360W, imeneyo ndiye mphamvu yomwe purosesa ndi GPU zingamwe, chifukwa ziwirizi zimadya kuchokera pa 12V. PSU yabwino pafupifupi mphamvu zake zonse zimakhala pa 12V. Zotchipazo zimaphatikiza ma 5V ndi 3.3V kuti nambala ikule, ndipo zambiri zilibe chitetezo chozimitsa magetsi akapyola muyeso, nde ikamafa siifa yokha, imatenga bodi ndi khadi. Ndinaonapo makina a mnyamata wina atanunkha chiphulusa mkati monse chifukwa cha PSU yopanda dzina, khadi linali lisanathe ndi mwezi womwe, ndipo waranti siilipira zoterozo. Chinanso, ambiri mwa ma PSU amenewa alibe pulagi ya mapini 8, anthu n'kumagula adaputa yochokera pa SATA. Musatero chonde. Pulagi ya SATA anaipangira 54W pa 12V, ya mapini 8 ndi ya 150W, mawaya amasungunuka.

Kamba: Agogo ndamva ndithu, imeneyo ndaichotsa. Nde ndifune ya ma watt angati? Ndimaona ena akuti bola ikhale 80 Plus basi ndi yabwino.

Gogo wa Pentium: 80 Plus imangonena kuti PSU siitaya magetsi ambiri ngati kutentha, siinena kuti zida zamkati ndi zolimba. Ndi poyambira chabe. Yang'ana kuti alemba zotetezera monga OCP, OVP, OPP ndi SCP, yang'ana zaka za waranti, ya zaka 5 kupita m'mwamba imasonyeza kuti wopanga akuikhulupirira, ndipo fufuza modelo yeniyeniyo osati dzina la kampani lokha chifukwa kampani imodzi imakhala ndi zabwino ndi zosalongosoka zomwe. Ryzen 5 5600 ndi RX 6600 pamodzi ndi zina zonse sizifika 300W posewera. 550W yabwino ikukwanira n'kutsala, 650W ngati ukuganiza zodzakweza khadi mtsogolo.

Mphenzi: Pepani ndilowerere, koma ine sindikumvetsa chifukwa chomwe tikumutumizira munthu ku AM4. Soketi imeneyo ndi ya 2016. Akagula B550 ndi RAM ya DDR4 lero, tsiku lomwe adzafune kukweza adzataya bodi, RAM ndi purosesa zonse pakamodzi. AM5 inabwera mu 2022, AMD inanena kuti iziithandiza mpaka 2027 ndi kupitirira, nde Ryzen 5 7600 ndi bodi ya B650 ndi makina oti zaka zikubwerazi angosintha purosesa basi. Kutchipa kwa lero kudzamudula mawa.

Nyalugwe: A Mphenzi mfundo yanu ndikuimva, ndipo bajeti ikanakhala yotakasuka ndikananena zomwezo. Koma werenganinso zomwe mphwanga walemba, wati sangawonjezere. AM5 imalandira DDR5 yokha, nde purosesa, bodi ndi RAM zonse zitatu zikukwera mtengo nthawi imodzi, ndipo ndalama imeneyo ichokera kuti? Ku GPU. Tibwereranso ku 6500 XT komwe tathawa kuja. Munthu akusewera lero pa 1080p, Ryzen 5 7600 yokhala ndi khadi lofooka igonja kwa 5600 yokhala ndi khadi lamphamvu pa magemu ambiri olemera, Cyberpunk yomwe akuifunayo ikhale umboni.

Mphenzi: Koma Valorant ndi Fortnite zimadalira purosesa kwambiri, pamenepo 7600 ikuposa.

Nambewe: Ikuposadi, koma 5600 pa Valorant imatulutsa kale mafuremu mahandiredi, kuposa omwe monita ya 144Hz ingaonetse, nanji ya 60Hz yomwe ali nayo panopa. Owonjezerawo awaonera pati? Komanso AM4 siinatsekeke njira kwenikweni, pamwamba pa 5600 pali 5700X3D ndi 5800X3D za cache (memory yothamanga ya mkati mwa purosesa) ya 96MB zomwe zimalowa pa bodi yomweyo, ngati adzazipeze nthawi imeneyo.

Mphenzi: Mawu oti ngati adzazipeze ndi omwe akundidetsa nkhawa. Ine ndikanati adikire pang'ono asungeko zina alowe AM5 kamodzin'kamodzi. Koma ndi ndalama zake, asankhe yekha. A Kamba chomwe ndikupempha n'choti muwerengere mitengo ya mbali zonse ziwiri, purosesa, bodi ndi RAM pamodzi, mukaona kuti kusiyana kwake ndi kochepa pitani AM5.

Chiphaliwali: Mukuiwala Intel anthuni. i5-12400F ili ndi ma core 6 ndi ma thread 12 ngati 5600 yomweyo, pa magemu zimayenda limodzi, nayonso imabwera ndi kula. Ubwino wa soketi yake ya LGA1700 ndi woti mabodi ake alipo a DDR4 ndi a DDR5, mumasankha nokha, kungoti bodi imodzi siilandira zonse ziwiri nde muwerenge dzina la bodi bwinobwino musanagule RAM. Bajeti ikafinya kwambiri i3-12100F ya ma core 4 imasewera magemu modabwitsa, ngakhale kwa munthu wofuna kujambula ine ndinganene 12400F. Bodi ikhale B660 kapena B760, H610 ndi yotchipa koma nthawi zambiri masiloti a RAM ndi awiri okha ndipo siilola kukweza liwiro la RAM kupyola muyeso wa purosesa.

Nyalugwe: Palibe chotsutsa pamenepo. 5600 kapena 12400F, tenga yomwe ikutchipa ukaphatikiza ndi bodi yake. Mphwanga usalowe nawo nkhondo ya AMD ndi Intel, pa ndalama zako ziwirizi ndi zofanana.

Tsabola: Nanga 5600G? Ili ndi zithunzi zake mkati, kutanthauza GPU yaing'ono mkati mwa purosesa, akhoza kuyamba kusewera popanda GPU n'kudzagula khadi lalikulu pambuyo pake.

Nambewe: Njira imeneyo ndi ya munthu amene ndalama ya GPU alibiretu, ndipo kwa woteroyo ndi yabwino, Valorant imayenda. Koma 5600G si 5600 yowonjezera zithunzi ayi. Cache yake ndi 16MB pomwe ya 5600 ndi 32MB, ndipo imathera pa PCIe 3.0. Nde ukadzaika khadi umatsala ndi purosesa yofookerapo pa magemu. Ryzen 5 5500 nayo ndi chimodzimodzi, 16MB ndi PCIe 3.0, ngakhale pa mtengo wake si yoipa. A Kamba poti GPU akugula lero lomwe, 5600 yopanda G ndiye yoyenera. Angodziwa kuti 5600 ndi 12400F zonse zilibe zithunzi zamkati, nde chingwe cha monita chipite pa khadi, doko la HDMI la pa bodi silitulutsa kanthu.

Kamba: Mwanditsegula maso. Pa bodi nanga, ndikuona B450 ikutchipa kuposa B550, ndingapulumutsepo?

Nyalugwe: Ungathe, koma dziwa ziwiri. B450 inatuluka Ryzen 5000 isanabwere nde imafuna BIOS yatsopano kuti izindikire 5600, zambiri zogulitsidwa masiku ano zimabwera zoapudetedwa kale ndipo pabokosi pamakhala sitika yonena kuti Ryzen 5000 ready, koma ukapeza yomwe inakhalitsa pashelefu makina sayaka mpaka utabwereka purosesa yakale. Bodi yokhala ndi batani la BIOS Flashback imakupulumutsa chifukwa umaapudeta ndi fulashi popanda purosesa. Chachiwiri B450 ndi A520 zimayendetsa khadi pa PCIe 3.0, B550 pa 4.0. RX 6600 ili ndi ma lane 8, pa 3.0 imataya pang'ono chabe, si zoopsa. Ine ndingatenge B550 ya micro-ATX yotchipa yokhala ndi masiloti 4 a RAM ndi timazitsulo toziziritsa pa VRM (gawo lopatsa purosesa magetsi). Zoyaka ndi mayina aataliatali sizikuwonjezera furemu olo imodzi. Ngati rauta ili kutali ndi pomwe uziseweretsa, ganizira yokhala ndi Wi-Fi, koma pa Valorant chingwe ndiye bwenzi lako.

Kadzidzi: Palibe amene wanena za RAM. Sitiki imodzi ya 16GB musagule, gulani ziwiri za 8GB zobwera mu paketi imodzi. Purosesa ili ndi njira ziwiri zolankhulira ndi RAM, mukaika imodzi mwatseka njira inayo, ndipo zimaonekera kwambiri pa kudukiza kuja gemu ikafika pothina. DDR4-3200 CL16 ndi yokwanira, 3600 ngati mtengo uli pafupi. Pa bodi ya masiloti 4 nthawi zambiri zimalowa pa yachiwiri ndi yachinayi kuwerenga kuchokera pa purosesa, A2 ndi B2, koma onani kabuku ka bodi. Mukamaliza lowani mu BIOS muyatse XMP, mabodi a Asus a AMD amaitcha DOCP, apo ayi RAM yanu ya 3200 izingoyenda pa 2133 kapena 2400 inu osadziwa.

Mphenzi: Ine ndikanati 32GB. Gemu, OBS, Discord ndi Chrome zonse zotsegula, 16GB imadzadza msanga masiku ano.

Kadzidzi: Zoona imathina, koma imagwirabe pa magemu omwe watchula. RAM ndi chinthu chosavuta kudzawonjezera, n'chifukwa chake tikuti masiloti akhale 4. Ngati 32GB ikumulanda khadi labwino ayambe ndi 16. Akadzawonjezera ayesetse kupeza modelo yomweyo chifukwa kusakaniza nthawi zina kumakana XMP.

Nambewe: Hadi disiki ya 2TB ija nayo ituluke, m'malo mwake NVMe SSD ya 1TB. Windows pa hadi disiki ndi chizunzo, ndipo Cyberpunk panopa imafuna SSD. Simukufunika yothamanga kwambiri yodula ija, ya PCIe 3.0 yofika cha m'ma 3500MB pa sekondi ndi ya SATA ya 550MB pa sekondi zimasiyana kwambiri papepala koma potsegula gemu kusiyana kwake ndi kwa timasekondi. Tengani NVMe chifukwa mtengo ndi woyandikana ndipo ilibe mawaya, imangolowa pa bodi. 500GB ndi yochepa, magemu awiri atatu akuluakulu yadzadza. Musadabwe Windows ikamaonetsa 931GB pa ya 1TB, ndi kawerengedwe chabe sanakubereni. Hadi disiki mudzagule pambuyo yosungira mavidiyo anu, ntchito imeneyo imaitha bwino.

Chiphaliwali: Tibwerere kaye pa GPU. Intel Arc B580 ili ndi 12GB, inatuluka kumapeto kwa 2024, ndipo pa nkhani ya memory imaposa onse a 8GB omwe mwatchulawa. Magemu ena atsopano 8GB akuidzadza ngakhale pa 1080p mukakweza ma texture.

Nyalugwe: B580 ndi khadi labwino ndipo 12GB yo ndi mfundo yeniyeni. Koma imafuna setingi ya Resizable BAR ikhale yoyatsa mu BIOS, popanda iyo imagwa mphamvu kwambiri, komanso omwe anaiyesa anapeza kuti pa mapurosesa akale imataya liwiro kuposa makhadi a AMD ndi Nvidia. Imadya 190W nde PSU ikhale 650W. Akaipeza pa mtengo wabwino ayang'ane kaye mavidiyo a magemu akewo pa 5600 kapena 12400F asanaganize. Za 8GB, inde pa magemu atsopano olemera utsitse ma texture sitepe imodzi, ray tracing (setingi yolemera yokongoletsa kuwala) uzimitse, FSR (njira ya AMD yochulukitsira mafuremu) uyatse pomwe pakufunika, gemu iyenda bwinobwino. Pa makhadi a bajeti ray tracing si chinthu choti ulipirire ndalama yowonjezera.

Kadzidzi: Mbali ya Nvidia tiipatse zake, DLSS, njira yawo yofanana ndi FSR, imaoneka bwino kuposa FSR 2 makamaka pa 1080p, ndipo NVENC, encoder ya Nvidia, pa live ya bitrate yotsika imatulutsa chithunzi choyera. Koma poti a Kamba akujambula n'kudzaika pambuyo osati live, akweze bitrate pa khadi la AMD, kusiyana sikuoneka. RTX 3050 yokha ndi yomwe ndingati apewe ikakhala pa mtengo wa RX 6600, imatsalira ndithu, makamaka ija ya 6GB.

Kamba: Kesi nanga? Mtima unali pa ija ya galasi kutsogolo ndi m'mbali.

Gogo wa Pentium: Galasi m'mbali palibe vuto, koma kutsogolo kukhale kwa timabowo ngati sefa kuti mpweya uzilowa. Mafani awiri kutsogolo olowetsa, imodzi kumbuyo yotulutsa, basi. Ona kutalika kwa khadi lomwe kesi imalola uyerekeze ndi khadi lako mu mamilimita. Apa ndi pomwe ungatchipitse mosaopa.

Nambewe: Ine ndibwereze za monita chifukwa zikundipweteka. Makina onsewa tikumanga atulutsa mafuremu ochuluka pa Valorant ndi Fortnite, koma monita ya 60Hz imasintha chithunzi ka 60 pa sekondi, pa mamilisekondi 16.7 aliwonse, pomwe ya 144Hz ndi 6.9. Pa gemu yowomberana kusiyana kumeneko mumakumva m'manja, mdani amaoneka msanga, mausi imatsatira bwino. Sindikuti mugule lero, yambani ndi yomwe ilipo, koma ndalama yoyamba yomwe mudzapeze pambuyo pa izi ipite pa monita ya mainchesi 24, 1080p, IPS, 144Hz kapena 165Hz yokhala ndi FreeSync. Osati 4K, osati kiyibodi yoyaka. Ndipo mukadzagula mukalowe mu masetingi a Windows musinthe refresh rate, chifukwa nthawi zambiri imakhala ili pa 60 mpaka mutasintha nokha.

Chiphaliwali: Musaiwale Windows. Microsoft inaika 14 Okutobala 2025 kukhala tsiku lomaliza kuthandiza Windows 10, nde makina atsopano ayambire pa 11. Imafuna chitetezo chotchedwa TPM 2.0, pa AMD ndi fTPM mu BIOS, pa Intel ndi PTT, simugula kanthu. Secure Boot nayo ikhale yoyatsa chifukwa Valorant pa Windows 11 imakana kutseguka popanda ziwirizi.

Kamba: Akuluakulu ndathokoza kwambiri, ndakhala pansi ndawerengeranso. A Mphenzi ndayesa mbali ya AM5 monga munanenera, ikundilanda khadi nde ndikhala pa AM4 kaye. Mndandanda watsopano: Ryzen 5 5600 ndi kula yake ya m'bokosi, B550 micro-ATX ya masiloti 4, RAM 2x8GB 3200 CL16, RX 6600 yatsopano ya waranti, NVMe 1TB, PSU ya 550W yogula payokha, kesi ya timabowo kutsogolo ya mafani atatu. Zakwana, ndipo patsala kenakake koyambira kusungira monita. Funso lina, ndizigula chimodzichimodzi ndikaona chatsika mtengo kapena zonse pakamodzi?

Nyalugwe: Poti ndalama ilipo kale, gula zonse m'masiku oyandikana. Ukagula bodi lero khadi miyezi itatu ikubwerayi, nthawi yobwezera katundu wowonongeka idzatha usanayese n'komwe. Zikafika usathamangire kuika mu kesi, kuona maso a nkhono n'kudekha. Goneka bodi pamwamba pa katoni yake, ika purosesa kakona katatu kagwirizane ndi ka pa soketi, igwere yokha osakankha, kula ija ili ndi phesiti kale pansi usawonjezere ina, ika RAM, SSD ndi khadi, lumikiza mapini 24, mapini 8 a purosesa ndi mapini 8 a khadi, osasinthanitsa awiriwa chifukwa amafanana maonekedwe koma mawaya ake ndi osiyana, pa pulagi amalemba CPU ndi PCIe. Ukaona BIOS pa sikirini nde ulowetse mu kesi. Kuyaka koyamba kumatha kuchedwerako, usazimitse msanga.

Mphenzi: Chabwino a Kamba, poti mwawerengera nokha ndilibe chonena, makinawo ndi abwino. Mudzatiuze mafuremu a Cyberpunk.

Gogo wa Pentium: Usanalipire PSU ija tiuze zomwe zalembedwa pa kasitika.

Kamba: Agogo ndayang'ana pa chithunzi cha sitika yake, pa +12V alemba 45.8A, 80 Plus Bronze, waranti zaka 5, zotetezera zija munatchula zonse zalembedwa, ndipo mapulagi a PCIe a 6+2 alipo awiri.

Gogo wa Pentium: 45.8 kuchulukitsa ndi 12 ndi 549.6, nde 550W yake ndi yeniyeni. Tumiza dzina la modelo tione omwe anaitsegula mkati akuti chiyani, ikakhala bwino kumeneko kalipire.